Chitini cha Mabatani

Lachitatu, tsiku la chilimba,
tinasonkhana kuseri kwa saluni ya a Dailesi ku Kanyama,
mapazi pa njerwa poti madzi a mvula
anali asanaphwe m'njira.
Tinabwera kudzawerenga makwacha
koma Zelipa wa kukiliniki anabwera ndi chikwama china.

Anatulutsa kamtengo kosemedwa
n'kukaimika pa kireti ya mabotolo.
Phwete lake! Faidesi anatsetsereka pa benchi:
“Mwamuna ndi ameneyu, sapempha madzi osamba,
sabwera usiku akununkha chibuku.”
Zelipa anatileka tiseke mpaka misozi.
Kenako anati, “Onani deti pa paketi.
Osang'amba ndi mano. Tsinani kansonga mpweya utuluke.
Imodzi, ulendo umodzi.”
Zala zangazi, zodziwa kusankha salaula
ku Soweto kusanache,
zinanjenjemera pa kamphira.

Ndinafunsa chapansipansi:
“Nanga kamtengoka kakakhala ndi pakamwa?
Kakakhala kuti ndiko kamalipira lendi?”
Kuseka kunathima ngati magetsi a kwathu kuno.

Bambo a Tiyanjane amayendetsa thiraki ya ku Nakonde.
Pa boda amatha sabata kudikira mapepala.
Kumene amagona sindifunsa.
Tsiku lina ndinaika kondomu pansi pa pilo.
Anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa:
“Wakuphunzitsa ndani?”
Mwezi umenewo ya makala sinaoneke.

Mkulu wanga Esinati ankati banja n'kupirira.
Tinakamusiya ku Chingwere
bokosi lopepuka ngati mulibe munthu.
Anapiriradi.

Zelipa sanandiuze kuti ndilongedze katundu,
amadziwa mtengo wa chipinda chimodzi m'komboni muno.
Anangoti, “Ubwere Lolemba, chitseko chakumapeto.
Tiyeze magazi kaye.
Ukapezeka ulibe, pali piritsi lomwa tsiku ndi tsiku
lotseka pakhomo kachilombo kasanalowe.
Chindoko silitchinga, mimba silitchinga,
choncho kondomu usaitaye.
Ukapezeka nako, mankhwala alipo.
Ine ndikumwa chaka chakhumi ndi chiwiri chino.
Tandiyang'ana. Ndikuoneka ngati maliro?”

Lolemba ndinafunda chitenje kumutu kuopa aneba.
Aneba omwewo ndinawapeza pamzere,
nawonso atafunda.
Tinapatsana moni ndi maso.
Dontho limodzi pa chala,
mphindi makumi awiri zotalika kuposa msewu wa ku Chipata,
kenako kamzere kamodzi.
Ndinatuluka, n'kugula chimanga chowotcha pa geti,
n'kudya ndili chiimire, mawondo akugundana.

Pano kabotolo kamakhala m'chitini cha mabatani,
pansi pa singano ndi ulusi,
kumene dzanja la mwamuna silifika.
Ndinaikamo kansanza kuti kasamalire.
Ndimamwa minibasi yoyamba ikaliza hutala,
kondakitala akukuwa za ku tauni.

Dzana Tiyanjane, wa giredi naini,
anabwera ndi foni yomwe sindinagule ine.
Sindinamumenye, ngakhale dzanja linkayabwa.
Mawu aja timasungira alangizi ndi usiku
ndinawanena masana, pakhonde,
chitsononkho m'dzanja lino, paketi m'dzanja linali.
Anabisa nkhope m'yunifolomu:
“Amayi, inunso!”
Sindinasiye. Ndinamugwiritsa, achite yekha.
Analakwitsa koyamba. Kachiwiri anakhoza.
Za foni sanayankhebe.

Bambo ake aimba, akuti afika Loweruka
ngati mapepala atuluka.
Ndiye ndili pa mpopi, ndikuchapa mabulangete,
ndikuyeserera kamwa:
“Tiyeni tikayezetse tonse awiri.”
Pena ndimayamba ndi dzina la mwana,
pena ndi la Esinati,
pena mawu amakakamira pakhosi ngati mbatata youma.

Ndawanena katatu kwa beseni.
Beseni silinakwiye.